Kugwa kwa 2018 ndi chikho cha 2019: lipoti la ntchito ya mphunzitsi wa basketball ku Virginia

Aphunzitsi anzanga, nkhani ndikulembayi ndi ya mphunzitsi wamkulu wa timu ya anyamata ya basketball pa yunivesite ya Virginia ku America, yemwe anakhala pa mpandowo kuchokera 2009 mpaka 2024. Sinditchula dzina lake kapena la wosewera aliyense, chifukwa ife chomwe tikufuna ndi kuona zomwe anasankha kuchita ndi zifukwa zake. Ndatsamira pa makanema a magemu, pa ziwerengero zomwe aliyense angathe kuzipeza, komanso pa zomwe iye ndi anyamata ake analankhula poyera. Vuto lomwe anakumana nalo limam'peza mphunzitsi aliyense tsiku lina: timu yako yagwa moipa pa tsiku lalikulu, aliyense akuti kaseweredwe kako ndiko kalakwa, ndiye iwe usinthe chiyani, usiye chiyani?

Kumene anachokera

Munthuyu ndi mwana wa mphunzitsi. Anasewera pansi pa bambo ake ku Wisconsin–Green Bay, n'kukasewera masizoni atatu mu NBA, ligi yaikulu ya akatswiri ku America, ku timu ya Charlotte Hornets. Phazi litamuvuta anapita ku New Zealand, ndipo uphunzitsi anauyambira kumeneko. Atabwerera kwawo anakhala wothandizira ku Wisconsin, kenako ku Washington State, komwe bambo ake anamusiyira mpando mu 2006. M'masizoni atatu anapambana magemu 69 n'kugonja 33. Virginia inamutenga mu Malichi 2009, itangomaliza sizoni yomwe inapambana magemu 10 okha n'kugonja 18.

Chomwe anabwera nacho ndi katchingidwe komwe bambo ake anakakonza, kotchedwa pack line. Ambiri tinakamvapo, koma ndikafotokoze bwino poti nkhani yonse yagona pamenepa. Mumajambula mzere m'kati mwa mzere wa mapointi atatu, pafupifupi mamita 5 kuchokera pa dengu. Wosewera mmodzi yekha, amene akulonda wogwira mpira, ndiye amatuluka kunja kwa mzerewo, ndipo amamumatirira mpaka mnzakeyo asowe popumira. Anayi enawo amakhala m'kati, ataima pamalo poti akuona mpira ndi munthu wawo nthawi imodzi. Salimbana ndi kutseka njira za mapasi monga timachitira ambiri. Amalola mpira uzizungulira kunjako, iwo n'kutseka mipata yolowera. Pasi ikapita kwa munthu wako umamuthamangira, poyandikira n'kufupikitsa masitepe, manja onse m'mwamba, ndipo mnzako amene anali pa mpira amabwerera m'kati nthawi yomweyo. Mpira ukalowa kwa wamtali wa pansi pa dengu, wamtali wanu wachiwiri amabwera kuti amupanikize awiri. Adani akaika screen pa mpira (wina wa iwo kuima ngati chotchinga panjira ya amene akulonda wogwira mpira), wamtali wanu amatuluka mpaka kunja kukabweza wogwira mpirayo, kenako liwiro kubwerera kwa munthu wake. Mfundo yomalizayi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Kutsogolo nako kunali kodekha. Awiri amaika ma screen, atatu amazungulirazungulira mpaka wina apeze mpata woyera, ngakhale zitadya pafupifupi masekondi onse 30 a shot clock, nthawi yomwe timu imapatsidwa kuti iponye. Mpira ukaponyedwa, ambiri sathamangira rebound (kugwira mpira wophonya dengu), amabwerera kukatchinga kuti adani asawadzidzimutse. Motero timu yake inkagwira mpira maulendo pafupifupi 60 pa gemu, omwe ife timati ma possession, ndipo m'masizoni angapo inali timu yosewera pang'onopang'ono kuposa ina iliyonse mwa matimu oposa 350 a Division I, gawo lapamwamba la makoleji a ku America.

Chiyambi sichinali chokoma. Sizoni yoyamba anamaliza 15-16 (kupambana 15, kugonja 16), yachiwiri 16-15. Mwa anyamata 6 amene anawatenga mu 2010, anayi anachoka asanamalize sukulu pamenepo. Kaseweredwe kameneka kamafuna mwana wololera kutuluka thukuta potchinga pamene anzake kwina akuwerenga mapointi, ndipo si mwana aliyense amavomera. Akuluakulu a sukulu anadekha naye, ndipo awiri otsala aja ndi amene anatsogolera timu ya 2013-14 yomwe inamaliza 30-7, n'kutenga ligi ya ACC, momwe Virginia imasewera, pamodzi ndi chikho chake, chikho chomwe Virginia inali itachiona komaliza mu 1976.

Zizindikiro zinaoneka kale

Chaka chilichonse mu Malichi matimu oposa 60 amalowa mpikisano wa dziko lonse wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji, momwe wogonja kamodzi amalongedza. Amagawidwa m'zigawo zinayi, ndipo m'chigawo chilichonse amaikidwa pa mndandanda kuyambira nambala 1, yamphamvu zedi, mpaka nambala 16. Mbiri ya mphunzitsi wa pakoleji ku America imalembedwa m'masabata atatu amenewa, kaya zili bwino kaya ayi.

Mu 2014 Virginia inali nambala 1, inatulutsidwa ndi Michigan State 61-59. Mu 2015 inali nambala 2, Michigan State yomweyo inaitulutsa 60-54. Mu 2017 Florida inaikwapula 65-39. Koma gemu yomwe ndimafuna aliyense aione ndi ya 2016 ku Chicago. Virginia inkatsogola 54-39 kutatsala mphindi zosakwana 10 kuti ilowe Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza. Syracuse inasiya kudikira kumbuyo, inayamba kupanikiza bwalo lonse. Anyamata a Virginia akadutsa mpanikizowo, m'malo mokhazika mpira monga anaphunzitsidwira, ankathamangira dengu n'kuphonya, Syracuse n'kumwetsa kutsidya. Zinatha 68-62. Chizindikiro chinali poyera: timuyi ikaikidwa pa liwiro lomwe sinasankhe yokha, inkasowa chogwira.

Pali masamu apa omwe tiyenera kuwavomereza tisanatengere kaseweredwe kameneka. Tiyerekeze kuti timu yanu imaposa adani ndi pointi imodzi pa maulendo 10 aliwonse. Pa gemu ya maulendo 75 mudzawasiya ndi mapointi 7 kapena 8. Pa gemu ya maulendo 60 mudzawasiya ndi 6. Ma three awiri (mipira ya mapointi atatu) ongogwera adani mwamwayi afafaniza zonsezo. Kuchepetsa maulendo kumathandiza timu yofooka kuti isaphedwe, koma timu yamphamvu ikachita zomwezo ndiye kuti yadzichepetsera yokha mipata yoonetsera mphamvu zake. Mu ligi ya magemu 18 zimenezi sizioneka, chifukwa tsiku loipa limodzi limakwiririka ndi masiku abwino. Mu mpikisano wa wagwa watuluka palibe chokwirira. Walira mvula walira matope, ndipo mphunzitsiyu matope ake anali amenewa.

Usiku wa ku Charlotte

Sizoni ya 2017-18 inali yabwino kuposa zonse zomwe anali atakhala nazo. Mu ACC anapambana 17 mwa magemu 18, anatenganso chikho cha ligiyo, ndipo anafika mu mpikisano wa NCAA ali ndi 31-2, ali nambala 1 wa matimu onse. Adani ankamwetsa mapointi pafupifupi 53 pa gemu, ndipo panalibe timu yomwe inali itawamwetsa 70 sizoni yonse. Masiku ochepa mpikisano usanayambe, sukulu inalengeza kuti mnyamata wawo wina wathyoka dzanja pamfundo. Ameneyu sankayamba gemu, ankachokera pa benchi, koma anali wamtali pafupifupi mamita 2, wotha kulonda munthu wamsinkhu uliwonse komanso kudzipezera yekha mpata woponya. Anthu ambiri anaona ngati timu yataya wa pa benchi chabe.

Pa 16 Malichi 2018, mumzinda wa Charlotte, anakumana ndi UMBC, yunivesite ya ku Maryland, yomwe inali nambala 16. Kuyambira 1985 matimu a nambala 16 anali atakumana ndi a nambala 1 maulendo 135, osapambanako olo kamodzi. UMBC yomweyi inali itagonja 83-39 kwa Albany mu Januwale. Popita kokapuma zinali 21-21. Chigawo chachiwiri chitangoyamba UMBC inamwetsa 17, Virginia 3. Pomaliza zinali 74-54. M'mphindi 20 zokha UMBC inamwetsa 53, omwe Virginia inkalola pa gemu yonse. Wosewera wawo mmodzi anamwetsa 28, ndipo 23 mwa amenewo anali a chigawo chachiwiri. Pa ma three, UMBC inalowetsa 12 mwa 24, Virginia 4 mwa 22.

Kanema wa gemuyi akuonetsa zinthu zingapo, ndipo si zofanana kulemera. Choyamba ndi chija ndinati musunge. UMBC inali ndi anyamata aafupi, othamanga, ndipo inamwaza onse kunja. Akaika screen pa mpira, wamtali wa Virginia ankatuluka monga mwa lamulo, koma mtunda wobwerera unali wautali, ndipo munthu amene amamubwerera sanali kudikira pansi pa dengu, anali ataima kunja wokonzeka kuponya. Mankhwala a vuto limeneli ndi kuika anyamata asanu otha kusinthana anthu pa screen popanda wina kutsala, ndipo amene ankapangitsa zimenezo kutheka anali pa benchi, dzanja lili lomanga. Apa sindikuona kulakwa kwa mphunzitsi pa usikuwo, ndikuona mpata womwe unali m'kasankhidwe ka osewera kuyambira kale.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Atatsalira ndi mapointi 14, anyamatawo anataya kaseweredwe kawo. Mpira unasiya kuzungulira. Aliyense ankafuna kubweza ngongole yonse ndi mpira umodzi, n'kumaponya ma three msanga, munthu ali pamaso. Kumbuyo anayamba kutuluka mu mzere wawo kukasaka mpira, kenako kupanikiza bwalo lonse, zomwe si ntchito yawo, ndipo UMBC inkangodutsa n'kukaika mpira m'dengu popanda woitchinga. Tisawaweruze msanga anawa. Pa liwiro lawo la maulendo atatu pa mphindi ziwiri, mphindi 15 zikutanthauza maulendo ngati 22. Kubweza mapointi 14 m'maulendo 22 n'kotheka, koma kumafuna kuti pafupifupi chilichonse chikuyendereni. Iwo anadziwa zimenezi m'mitima mwawo, ndipo panalibe njira ina yomwe anali ataiyeserera mokwanira yoti aikhulupirire. Ndiye pack line siinagonje yokha usiku umenewo: theka loyamba inagwira UMBC pa 21. Chomwe chinasowa ndi chochita pamene gemu yatembenuka.

Zomwe anachita usiku womwewo n'zoyenera kuzilemba. Polankhula ndi atolankhani anavomera kuti apambanidwa mbali zonse, anayamikira UMBC, ndipo sanabisale kumbuyo kwa dzanja lothyoka lija. Pa tebulo la atolankhani sanatenge anyamata a chaka chomaliza, omwe gemuyo inali yotsiriza pa moyo wawo wa pakoleji. Anatenga awiri a chaka chachiwiri, amene ankayenera kudzatsogolera timu sizoni yotsatira. Akuluwo anawateteza, ang'onowo anawasenzetsa katundu akadali wotentha. Kunja kunali koipa: panabwera mauthenga oopseza kupha, moti apolisi anaperekeza timuyo n'kuilowetsa mu hotela kudzera khomo lina. Masabata awiri pambuyo pake bungwe la nkhani la Associated Press linamupatsa mphotho ya mphunzitsi wabwino wa chaka, mavoti ake ataponyedwa mpikisano usanayambe.

Zomwe anasunga ndi zomwe anasintha

Mfuu inali yoti kaseweredwe kameneka n'ka ligi, sikangatenge chikho cha dziko, choncho akataye. Sanakataye. Pack line inatsala momwe inalili, liwiro linatsala lomwelo, ndipo mu 2018-19 Virginia inalinso timu yodekha kuposa onse. Ndikuona kuti anaganiza bwino. Katchingidwe komwe kakupatsa magemu 31 sungakagwetse chifukwa cha mphindi 20, makamaka kanema akuonetsa kuti mphindi zambiri mwa zimenezo anyamata sankakatsata n'komwe. Komanso osewera onse anali atasankhidwa ndi kuphunzitsidwa kaamba ka kaseweredwe kameneka. Kuyamba zina m'miyezi 6 kukanangobala timu yosadziwa chakale, yosadziwanso chatsopano.

Kusintha kunachitika kutsogolo. Pambali pa kuzungulira kwakale kuja, anaonjezera kaseweredwe ka ma screen a pa mpira osalekeza: wamtali amaikira screen wogwira mpira mbali imodzi, zikakanika mpira umapita mbali ina n'kuyambanso chimodzimodzi, oponya atamwazikana m'makona. Phindu lake n'loti mpata umatha kupezeka m'masekondi 10 oyamba ngati pakufunika kutero, ndipo mpira umakhala m'manja mwa amene amatha kuganiza nawo. Timu imatha kufulumira osataya dongosolo, chomwe chinasowa ku Charlotte. Pa ziwerengero za webusaiti ya KenPom, zomwe zimayeza mapointi pa ulendo uliwonse, kumwetsa kwa Virginia kunachoka cha pa nambala 30 kufika pa nambala 2 m'dziko lonse, pamene kutchinga kunangotsika pang'ono kuchoka pa 1 kufika pa 5.

Pa osewera, wa dzanja uja anabwerera m'malo mopita ku NBA. Kunabwera wina wamsinkhu ngati womwewo kuchokera ku Alabama, amene analoledwa kusewera nthawi yomweyo. Kunabweranso mwana wa chaka choyamba, wamfupi, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 75, amene sukulu zikuluzikulu sizinkamulimbirana. Ameneyu ntchito yake inali kumatirira aafupi othamanga, mtundu womwe unawazunza uja, komanso kuyendetsa mpira kuti mnzake wamtali azitha kuponya. Taonani kuti aliyense mwa atatuwa akuyankha funso lomwe kanema anafunsa. Sanatenge munthu chifukwa cha dzina.

Chinthu china sichijambulika pa bolodi. Sanaletse kutchula UMBC. Sizoni yonse, kulikonse komwe anapita, ochemerera a adani ankaimba dzinalo ndipo atolankhani ankafunsa funso lomwelo, iye n'kumayankha modekha ulendo uliwonse, anyamata ake akumva. Mmodzi mwa awiri aja anakhala nawo pa tebulo analemba poyera za nkhawa yomwe inkamuvutitsa ndi thandizo lomwe ankalandira, ndipo chithunzi chake atawerama pa bwalo la ku Charlotte anachiika pa Twitter n'kuchisiya pamenepo sizoni yonse. Ambiri a ife tikagonja moipa timati ana aiwale, tisakambenso. Ine sindikhulupirira kuti mwana wa zaka 20 amaiwala chinthu chotero chifukwa choti kochi waletsa kuchitchula. Amangochinyamula yekha, n'kudzachitula pa bwalo tsiku lomwe zinthu zayambanso kufanana ndi tsiku lija.

Masabata atatu a 2019

Tsiku lotero linafika pa gemu yoyamba yeniyeniyo. Virginia inalowanso ili nambala 1, itagonja magemu atatu okha, awiri kwa Duke ndi imodzi kwa Florida State. Inakumana ndi Gardner-Webb, nambala 16, ndipo chigawo choyamba chili m'kati inali kumbuyo 30-16. Mapointi 14 omwe aja. Kwa ine apa ndi pomwe ntchito ya chaka chonse inayesedwa, kuposa pa fainolo. Onerani mphindi zotsatirazo: palibe amene akutuluka mu mzere kukasaka mpira, palibe three yoponya mothawa. Mpira ukulowa m'kati kwa wamtali, ukutuluka, ukulowanso. Popuma kusiyana kunali kutatsika kufika 36-30, ndipo anapambana 71-56. Kenako anachotsa Oklahoma 63-51 ndi Oregon 53-49.

Magemu atatu omaliza ndiwafotokoza monga anachitikira, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amakonda kuwasalaza. Ku Louisville, wosewera mmodzi wa Purdue anawamwetsa 42, ma three 10. Kutatsala masekondi 5.9 Purdue inkatsogola 70-67 ndipo inachita faulo mwadala. Virginia inapatsidwa ma free throw awiri, kuponya popanda wotchinga. Yoyamba inalowa, yachiwiri inaphonya, wamtali wa Virginia anaumenya mpirawo mpaka kupitirira pakati pa bwalo. Mwana wamfupi uja anauthamangira, ndipo m'malo mouponya kuchokera komweko monga angachitire ambiri, anadzutsa mutu n'kupereka pasi yaitali ya dzanja limodzi kwa wamtali yemweyo, amene anauika m'dengu belu likulira. Anapambana 80-75 mu nthawi yoonjezera.

Ku Minneapolis, mu semifainolo, ankatsogola Auburn 57-47, Auburn n'kumwetsa 14 motsatizana. Kutatsala gawo la sekondi, 0.6, Virginia ili kumbuyo 62-60, woponya wawo anachitidwa faulo pa three ya pakona, n'kulowetsa ma free throw onse atatu. Masekondi ochepa izi zisanachitike, woyendetsa mpira wa Virginia anali atachita double dribble (kugwira mpira n'kuyambanso kuugunditsa pansi) yomwe oyimbira sanaiyimbe. Ikanaimbidwa, mpira ukanapita kwa Auburn. Pa 8 Epulo, mu fainolo ndi Texas Tech, analinso kumbuyo 68-65 mpaka mnyamata wa dzanja uja analowetsa three ya pakona kutatsala masekondi osakwana 15. Mnyamatayo anamaliza ndi mapointi 27. Mu nthawi yoonjezera Virginia inalowetsa ma free throw 12 mwa 12, n'kupambana 85-77. Sizoni inatha 35-3, ndi chikho choyamba cha dziko m'mbiri ya basketball ya anyamata pa sukuluyo.

Ndiye tinene kuti kusintha kuja ndiko kunabweretsa chikho? Mbali ina inde. Timu ya 2018 sikanamwetsa 80 ndi 85 pamene zinafunika, ndipo sikanadekha ili kumbuyo kutatsala masekondi. Koma katatu konse mpira umodzi ukanagwa mwina, lero tikanamawerenga kuti munthuyu analephera kachiwiri, chonsecho ali mphunzitsi yemweyo, atachita zomwezo. Izi ndikulembera makamaka inu amene mumakhala m'makomiti olemba ndi kuchotsa aphunzitsi. Gemu imodzi ya wagwa watuluka imakuuzani zochepa kwambiri za amene ali pa benchi. Funsani ngati kugonja kwake kukufanana chaka ndi chaka, ndipo ngati kukufanana, funsani chomwe wachitapo. Mphunzitsiyu kugonja kwake kunkafanana kuyambira 2016, ndipo ndikuona kuti anachedwa kuchitapo kanthu: zomwe anaonjezera mu 2018 zinkafunika Syracuse itangomuonetsa mpatawo.

Kwa ife amene timasewera ndi malamulo a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, a masekondi 24 ndi zigawo zinayi za mphindi 10, sitingathe kudekhetsa gemu mpaka kufika pamenepo. Pack line yokha imagwira bwino, makamaka komwe oponya ma three odalirika ndi ochepa. Koma amene akuitenga atengenso ntchito yomwe imabwera nayo. Sabata iliyonse muike wotchi pa mphindi 6, timu yoyamba ili kumbuyo ndi 10, ndipo anyamata adziwe pasadakhale kuti zikatero tiyitana chiyani, mpira ukhala ndi ndani, tipanikiza kuyambira pati. Muyeserenso asanu aafupi osinthana anthu pa screen, ngakhale simukufuna kuyamba nawo gemu. Zimenezi sizingayambidwe pa timeout, gemu itaimitsidwa kwa kanthawi.

Zotsatira zake

Mu Sepitembala 2019 sukulu inafuna kumukweza malipiro. Anakana, nati ndalamazo zipite kwa omuthandiza ndi ku zofunika za timu, ndipo iye ndi mkazi wake analonjeza madola 500,000 ku ntchito yothandiza osewera kukonzekera moyo wa pambuyo pa basketball. Atatu mwa osewera ake anali atatengedwa mu NBA chaka chomwecho, wa dzanja uja ali wachinayi pa onse.

Kuchokera pamenepo sanapambanenso gemu ya mpikisano wa NCAA. Wa 2020 unalephereka chifukwa cha Covid-19. Mu 2021, timu itangotuluka kumene m'chipinda chodzipatula chifukwa cha matenda omwewo, Ohio inaichotsa 62-58. Mu 2022 sinalowe n'komwe. Pa 16 Malichi 2023 inkatsogola Furman ndi 12 m'chigawo chachiwiri, Furman inasintha n'kuyamba zone (kutchinga malo m'malo molonda munthu), mpira wa Virginia unauma, ndipo kumapeto mwana wamfupi uja, tsopano ali wamkulu wa timu, atapanikizidwa pakona anauponya mpira m'mwamba n'kugwera m'manja mwa adani. Furman inalowetsa three, zinatha 68-67. Mu 2024 ku Dayton anamwetsa 14 okha m'chigawo choyamba, Colorado State n'kupambana 67-42. Ligi ankaichitabe bwino, anaitenganso mu 2021 n'kugawana ndi ena mu 2023. Koma atachoka atatu opita ku NBA aja, otha kudzipezera mpata, vuto lakale linabwerera momwe linalili. Ma screen a pa mpira anali akadalipo pa bolodi, osowa anali anthu owagwiritsa ntchito.

Apa nkhani ikukhudza kusintha kwa malamulo. Kuyambira 2021 wosewera wa pakoleji anayamba kuloledwa kusamukira sukulu ina osakhala chaka osasewera, komanso kulandira ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chake, zomwe amazitcha NIL. Kaseweredwe ka mphunzitsiyu kankadalira mwana wokhala zaka zitatu kapena zinayi, woyambira pa benchi, wophunzira poima mpaka mapazi adziwe okha. Mnyamata wa dzanja uja chaka chake choyamba sanasewere n'komwe, anangochita zokonzekera. Mwana wotero lero ali ndi sukulu zambiri zomuitana asanathe chaka.

Mu Okutobala 2024, kutatsala masabata osakwana atatu kuti sizoni iyambe, ali ndi zaka 55 komanso atangosaina kontirakiti yatsopano miyezi ingapo m'mbuyomo, anatula pansi udindo. Ananena poyera kuti sakudzionanso ngati munthu woyenera kutsogolera timu m'nyengo yatsopanoyi. Nthawi yomwe anasankha inapweteka osewera amene anabwera kudzasewera pansi pake, ndipo ndikuona kuti chiganizo chotero chimayenera kubwera sizoni ikangotha, ana akadali ndi mpata wosankha kopita. Womuthandiza amene anagwirizira mpando anamaliza 15-17, ndipo mu Malichi 2025 sukulu inalemba mphunzitsi amene ankatsogolera UMBC mu 2018.

Ku Virginia anapambana magemu 364 n'kugonja 136, ndipo pamodzi ndi a ku Washington State ndi 433 kwa 169. Ligi ya ACC anaitenga kapena kugawana ka 6, chikho chake kawiri. Mu mpikisano wa NCAA analowa ndi Virginia ka 10, anapambana magemu 13 n'kugonja 9, ndipo 6 mwa 13 amenewo ndi a masabata atatu a 2019.